Majekete Obwereka

"Ndati kuyambira mawa azikadyera kuseri. Mawu ovuta ndi ati pamenepa, mayi?"

A Manijala ananena izi ali pamwamba pa mpando, akukhoma katani yatsopano pazenera la lesitilanti. Dzina la umanijala anadzipatsa okha, ngakhale kuti wantchito wawo anali mmodzi yekha, mkazi wawo yemwe. Mkaziyo, amene aliyense ankangomutchula kuti Mzime poti kwawo ndiye anali wotsiriza kubadwa, anaima pakhomo la kukhitchini manja ali m'chiuno.

"Kuseri kwake kuti, bambo? Kungalande kuja?"

"Ndiikako benchi. Kumawomba kamphepo kabwino kumene kuja."

"Kamphepo ka madzi otsukira mbale? Ndiye achimwene anga, amene akhala akudya patebulo ilo chitsegulireni malo ano, akakhale pangalande ngati bakha?"

"Alamu ndilibe nawo chifukwa, ndi munthu wabwino. Vuto ndi ovololo yawo." A Manijala analoza ndi hamala tsidya la msewu, kumene kunali nyumba yatsopano ya maofesi. "Muja muli anthu oposa zana, ndipo aliyense ali ndi mimba. Akasuzumira muno masana akuona chiyani? Osesa mumsewu asanu ndi anayi, majombo a matope, matsache atatsamira pakhomo. Munthu wa tayi angalowe malo otere?"

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo. Chisamukireni siteji ya basi, ndani watigwira dzanja ngati si asanu ndi anayiwo? Sajomba. Mvula igwe, dzuwa liswe mtengo, ikangokwana thwelofu ali pano."

"Nanga anthu asanu ndi anayi angadyetse banja? Zikapitirira chonchi titseka, mayi, ndipo inu mubwerera kochapira anthu zovala kuja munkalira nako. Walira mvula walira matope. Ngati tikufuna makasitomala enieni, timatope tating'ono tipirire."

Mzime anali ndi mlomo wakuthwa, koma mawu oti kutseka ankamuopsa kwambiri. Anayang'ana matebulo asanu ndi limodzi amene anawapenta yekha, anakumbukira manja ake atang'ambika ndi sopo wa m'nyumba za eni, ndipo mkwiyo wake unasungunuka n'kusanduka mantha. Anabwerera kukhitchini osanenanso kanthu. A Manijala anatenga kukhala chete kumeneko ngati siginecha.

Mawa lake, thwelofu itayandikira, a Manijala anakumbukira mwadzidzidzi kuti anyezi watha. Anyezi anali wodzaza dengu, koma anapitabe kumsika. Motero ntchito youza anthu inagwera Mzime.

Achimwene ake anafika patsogolo pa anzawo monga mwa masiku onse, munthu wamtali wa imvi zapatalipatali, akuseka asanalowe n'komwe. Mzime anawatchingira pakhomo, maso ali pansi.

"Achimwene, muno tikukonzamo pang'ono. Mwina muzungulire kuseri, takuikirani benchi."

Achimwene anasuzumira. Anaona makatani, nsalu zoyera pamatebulo, ndi timaluwa ta pulasitiki m'mabotolo. Munalibe chokonza chilichonse. Anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati ngati muli yankho, n'kuchivalanso.

"Palibe kanthu, mwana wa mayi. Mimba ilibe maso. Tiyeni anzanga, tizungulire."

Benchi inali ya anthu asanu. Otsalawo anakhalira makireti ndi wilibala yotembenuza. Pagulupo panali mayi wina amene anzake ankamutcha Wayilesi chifukwa pakamwa pake sipankazima. Atalandira mbale yake ya mpunga ndi nyemba, anaingitsa ntchentche ndi dzanja n'kufunsa mwaulemu wonse.

"Mayi, mtengo ndi womwe uja, kapena ntchentchezi tilipira padera?"

Anzake anaseka. Mzime anayesa kuseka nawo koma zinakanika. Manyazi anamugwira mpaka anatsukanso mphika wotsukatsuka kale kuti asatulukenso.

Sabata yonse inatha kumaso kuli zii. Anthu a m'maofesi ankadutsa, kusuzumira pakatani, n'kupitirira ulendo. A Manijala ankaima pakhomo atavala malaya oyera, akumwetulira aliyense mpaka masaya kuwawa. Loweruka anabwera kukhitchini nkhope ikuwala ngati atola chikwama.

"Ndalipeza vuto, mayi. Munthu salowa m'nyumba yopanda anthu. Akaona matebulo ali mbee amaganiza kuti chakudya n'choipa. Anthu amakokedwa ndi anthu anzawo."

"Anthu analimo muno. Munawathamangitsa ndinu."

"Ndikunena anthu ooneka."

"Oo. Achimwene anga saoneka?"

"Musandipotozere mawu. Tamverani nzeru iyi."

Nzeru yake inali yoti anakabwereka majekete atatu kwa mnzawo wogulitsa zovala za kaunjika, n'kuitana amalume awo opuma pantchito, msuweni wawo amene sanagwirepo ntchito chibadwire, ndi mnzake wa msuweniyo. Atatuwa azivala majeketewo, azikhala patebulo lapazenera kuyambira thwelofu mpaka thuu, azidya pang'onopang'ono ndi kuoneka okhutira. Chakudya chake chaulere.

"Ndiye olipira azidyera pangalande, osalipira azidyera pansalu yoyera?" anafunsa Mzime.

"Ndi nyambo, mayi. Nsomba siikodwa ndi mbedza yopanda kanthu."

Ntchito yotafuna sinasowepo anthu. Atatu aja sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Amalume ankabwera ndi nyuzipepala imodzi yomweyo, ya mwezi watha, n'kumaiwerenga mwachidwi ngati nkhani zake zangochitika m'mawa. Msuweni ankanyamula chikwama cha mapepala, koma m'kati munali kontena yotengera zotsala. Majekete anali oti adzabwezedwe, choncho timapepala ta mitengo tinkalendewerabe kumbuyo kwa kolala, ndipo a Manijala ankadutsadutsa n'kumatibisa mwakachetechete.

Tsiku lachitatu amalume anakana nyemba.

"Mphwanga, munthu wovala jekete ngati ili sangadye nyemba pazenera. Anthu aona kuti n'zabodza. Bweretsa nkhuku."

Nkhuku inabwera. Kuyambira pamenepo nyama yabwino yonse inkathera pazenera, kuseri kukumapita msuzi ndi mafupa. Choipa china, mlonda wa kumaofesi ankamudziwa bwino msuweni uja, poti ankamubweza pageti kawirikawiri akufunsa ntchito. Atamuona ali m'jekete akuchotsa nyama m'mano ngati bwana, anaseka mpaka kugwira khoma, ndipo pofika madzulo nyumba yonse ija inali itamva. Anthu a tayi anayamba kudutsa pafupi kwambiri ndi zenera, koma kudzaonerera basi.

Kuseri anthu anayamba kutha ngati madzi a m'chithaphwi. Asanu ndi anayi anasanduka asanu ndi mmodzi, kenako atatu. Wayilesi anatsanzika poyera.

"Ife tapita, mayi. Kudya choimirira pamsewu kulibe ulemu, koma kulibenso chipongwe."

Sabata yachitatu achimwene okha ndiwo ankabwera. Ankakhala kumapeto kwa benchi ngati kuti anzawo akadalipo, kudya, kuthokoza, kulipira, n'kunyamula tsache lawo. Kuseka kuja anali atasiya. Mzime ankawaikira mbale n'kuthawa msanga, ndipo tsiku lililonse ankadziuza kuti mawa alankhula. Ankadziwa kuti tsiku limene benchi ija idzakhale yopanda munthu, adzakhala wataya mlongo wake yekhayo amene anatsala naye.

Lachinayi kunagwa mvula yowaza. Mnzake wa msuweni sanabwere, akuti m'mimba munamutembenuka, zomwe sizinadabwitse aliyense amene anamuona akudya dzulo lake. Jekete limodzi linatsala pamsomali. A Manijala anasuzumira kuseri, anaona alamu awo atafunda thumba kumutu, mbale ili pamaondo, madzi a padenga akudonthera mumsuzi. Chisoni chinawagwira ndithu, pakuti sanali munthu wouma mtima, anali wouma mutu chabe. Anatenga jekete lija n'kutuluka nalo akumwetulira.

"Alamu, musanyowe chonchi. Valani ili pamwamba pa ovololo, mulowe mukhale pazenera ndi amalume. Miyendo ibisala kunsi kwa tebulo, majombo saoneka. Ndipo lero simulipira, mudya mwaulere."

Mzime anamva zonse ali pambaula. Chipande chinaima m'mwamba.

Achimwene anaika mbale pabenchi pang'onopang'ono. Analiyang'ana jeketelo nthawi yaitali, koma sanalikhudze.

"Alamu, ndili ndi funso limodzi. Mukufuna ndani kuti alowe, ineyo kapena jeketeli? Ngati ndi jekete, likolekeni pampando, muliikire mpunga, lidya lokha. Ine ndakhala ndikubwera pano zaka zisanu ndi chimodzi ndi ndalama ya thukuta langa. Sindinapemphepo chaulere. Mutandichotsa m'nyumba ndinati palibe kanthu, bizinesi ndi ya mlongo wanga, ikakula ndikondwa nawo. Anzanga atachoka ndinatsala, akundiseka kuti ndine galu wosamva ndodo. Lero mwandiuza zoona, kuti munthune ndine wonyansa, koma nsalu ya munthu wosadziwika ingandiyeretse. Msewu umene mabwana anuwo amayendapo ndi nsapato zowala, amausesa ndani? Ovololo iyi ndi yanga, alamu. Sinabwerekedwe, ndipo kumbuyo kwake kulibe kapepala ka mtengo."

Anaika ndalama pambali pa mbale imene sanaimalize, ananyamula tsache, n'kulowa mumvula osacheuka.

Mzime sanathamangire achimwene ake. Analowa kumaso, anafika patebulo lapazenera, n'kulanda mbale ya amalume ntchafu ya nkhuku ili m'njira yopita kukamwa. Analandanso ya msuweni.

"Amalume, pepani, ntchito yatha. Vulani majekete."

"Mayi, mwapenga kodi?" anatero a Manijala akulowa, jekete lachitatu lili pamkono. "Mukuchititsa manyazi akuluakulu."

"Manyazi mukuwadziwa inu? Manyazi ali pabenchi kuseri uko, mbale ya munthu amene anandilera yatsala ndi chakudya. Tsache limene mukunyansidwa nalolo ndi limene linandigulira yunifolomu. Miphika iwiri ikuluikulu iyo anatigulira ndani tikutsegula? Paja munavina nayo, mukuti alamu ndinu munthu. Lero miphika yawo ndi yoyenera kukhala m'nyumba, eni ake ayi?"

"Ine ndimafuna kuwathandiza. Amanyowa."

"Anawaika pamvula ndani? Mako ndi mako, bambo, usamuone kuchepa mwendo. Inu mwatenga chikomekome cha mkuyu n'kuchiika pazenera, m'kati muli nyerere zokhazokha, ndipo msewu wonse ukutiseka. Masabata atatu, walowa ndani wa tayi? Tchulani mmodzi."

A Manijala anayang'ana jekete limene linali pamkono pawo.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero motsitsa mawu.

"Dekhani nokha. Ine ndazimitsa moto. Kuchapa zovala za eni ndi bwino kusiyana ndi kuphika m'nyumba imene mlongo wanga saloledwa kukhala pansi."

Analowa kukhitchini n'kuthira madzi pambaula, utsi ndi phulusa zinadzaza khitchini. Amalume anatuluka mwaulemu wawo wonse, koma nyuzipepala anaiiwala. Msuweni anafunsa ngati angatenge zotsala, ndipo Mzime atamuyang'ana, anapeza khomo mofulumira.

Lesitilanti inakhala yotseka masiku awiri. M'nyumba anthu ankalankhulana ndi zitseko. Loweruka m'mamawa Mzime anapita kumsewu wa kumsika, kumene ankadziwa kuti gulu la achimwene ake limasesa. Anawapeza akukokera zinyalala muwilibala, Wayilesi ali chapafupi.

"Achimwene, ndabwera kudzapepesa. Bambo aja analakwa."

Achimwene sanasiye kusesa.

"Pepa sapoletsa chilonda, Mzime. Ndipo usawasenzetse alamu katundu yense. Iwo ndi mlendo kwa ine, anandipeza ndili kale ndi tsache, akhoza kundiona mmene akufunira. Chimene chinkandiwawa ine si benchi. Ndi dzanja limene linkabweretsa mbale kuseri kuja. Tsiku lililonse ndinkati lero mwana wa mayi anena kuti achimwene, lowani. Masabata atatu."

Mawuwo anamulasa Mzime pamtima chifukwa anali oona. Analira pomwepo pamsewu, anthu opita kumsika akumuyang'ana, ndipo sanabise nkhope.

"Ndinaopa, achimwene. Ndinaopa kutseka, ndiye ndinagulitsa inu. Lowani. Ndachedwa kunena, koma lowani."

Achimwene anatsamira tsache. Anamuyang'ana mlongo wawo mmene ankamuyang'anira ali wamng'ono akaswa kapu.

"Chibale ndi fupa, sichiola. Ine ndibwera. Koma anzangawa si abale ako, alibe chowakakamiza."

Wayilesi, amene ankasesa malo amodzi omwewo kwa mphindi khumi kuti amve bwino, anayandikira.

"Mayi, ndikuuzeni chimene amuna anu sanawerenge pamene amawerenga mimba za m'maofesi. Inu mumaona asanu ndi anayi. Kudepoti kwathu tilipo oposa makumi asanu. Onjezani okankha ngolo, onyamula katundu mumsika, amakanika a kuseri kwa siteji yakale. Tonsefe timadya choimirira ngati mbuzi, chifukwa kulikonse tikalowa amatiyang'ana kumapazi. Sitifuna maluwa a pulasitiki ife. Tikufuna madzi ndi sopo pakhomo, poika matsache, ndi mpando. Mukatipatsa zimenezo, pakamwa panga pano ndi pokwanira, simufunika chikwangwani."

"Mubwere Lolemba," anatero Mzime akupukuta misozi.

"Tibwera kudzaona, osati kudzakhala. Tilowera khomo lakumaso. Bambo aja akangokwinya mphuno kamodzi, simudzationanso, ndipo nkhani yake ndidzaiulutsa ndine."

Lolemba Mzime anadzuka ndi mphamvu zachilendo. Anaika ndowa ya mpopi pakhomo, sopo pambali pake ndi thaulo loyera. Anakhoma misomali isanu ndi umodzi pakhoma lakunja yokolekapo matsache. Anachotsa nsalu zoyera, n'kulumikiza matebulo kuti akhale awiri aataliatali. A Manijala ankangoyang'ana ali pakona, osathandiza, osaletsa. Chiwauzireni za Lolemba sananene kuti inde kapena ayi, ndipo Mzime sankadziwa chimene chinali m'mutu mwawo. Komabe anakoleza moto.

Thwelofu itakwana anamva majombo. Sanali asanu ndi anayi, anali khumi ndi asanu ndi awiri. Anasamba m'manja mmodzimmodzi, akukankhana ndi kuseka, n'kudzaza matebulo onse. Wayilesi anakhala poti aziona nkhope ya a Manijala bwinobwino. Achimwene analowa pomalizira, anapereka moni kwa alamu awo mwachidule, n'kukhala pakona. A Manijala anayamba kunyamula mbale chifukwa panalibe wina woti anyamule, nkhope ili ngati ya munthu amene akumwa mankhwala.

Phokoso ndi fungo la nyama yokazinga zinatulukira pakhomo mpaka tsidya la msewu. Posakhalitsa pakhomo panaima munthu amene a Manijala anamudikira masabata atatu: tayi yabuluu, nsapato zowala, kiyi wa galimoto akuzungulira pachala. Anayang'ana matsache pakhoma, anayang'ana majombo kunsi kwa matebulo, n'kukodola a Manijala.

"Chakudya chanu chikununkhira bwino, bambo. Ndili ndi anzanga asanu kumtunda uko, tikhoza kumabwera tsiku lililonse. Koma awa," anatero akuloza ndi chibwano, "amadya muno masiku onse, kapena ndi lero lokha?"

Ankaganiza kuti walankhula motsitsa, koma nyumba yonse inamva. Masipuni anaima. Mzime anaima pakhomo la kukhitchini. Achimwene sanadzutse mutu.

A Manijala anayang'ana tayi ija mmene munthu wanjala amayang'anira nyama ya pambale ya mnzake. Anameza malovu.

"Masiku onse, bwana," anatero. "Ali pakonawo ndi alamu anga, achimwene awo a mayi amene aphika chakudya chikukununkhiranicho. Enawa ndi anzawo. Mukafuna malo apempheni, ndi anthu abwino, akusenderani."

Munthu uja anaseka pang'ono ndi mphuno, anayang'ana wotchi yake, n'kutembenuka. A Manijala anamuperekeza ndi maso mpaka anawoloka msewu, iye ndi anzake asanu amene sadzabwera. Anatsala ataima pakhomo, thireyi ili m'manja, mapewa atagwa.

"Mawa tibwera ndi amakanika," anatero Wayilesi kwa munthu amene anali naye pafupi, mokweza kuti khoma lomwe limve. "Aja amadya mbale ziwiriziwiri."

Kuseka kunabwerera, masipuni anayambanso kulira. Pakona paja achimwene anasendera, n'kumenya benchi ndi chikhatho pamalo amene anatsegukawo.

"Alamu, mwaima kuyambira m'mawa. Bwerani mukhale apa. Mzime, tibweretsere mbale ziwiri kuno."

Mzime analowa kukhitchini. Anapakula mbale ziwiri zodzaza, nyama yabwino pamwamba, n'kuzinyamula kudutsa pakati pa anthu onse mpaka pamene panakhala amuna ake ndi mlongo wake, phewa ndi phewa.